Za Mendulo ndi Mabaji a Alimi

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Taisindikiza muno kuti amene sanaimve aiwerenge, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzao pabwalo.

 Madzulo ano tilankhula za ulemu umene Boma limapatsa mlimi wolima bwino. Ulemu umenewu umadza m'njira zosiyanasiyana. Kwina umakhala mendulo ya golide yobvala pachifuwa, kwina baji, kwina satifiketi yopachika pakhoma, ndipo masiku ano kawirikawiri umakhala dzina lakuti mlimi wachitsanzo, pena pamodzi ndi njinga kapena sikipa. Nkhaniyi ikukhudzani inu mafumu chifukwa mlangizi akafuna mlimi wotere amayamba wafika pakhomo panu, ndipo dzina limene lidzatchulidwa pabwalo lanu ndilo lidzalembedwa m'buku. Mukasankha bwino mudzi wonse udzaphunzirapo kanthu. Mukasankha molakwa mudzabzala kaduka, ndipo nzeru imene ikadathandiza anthu ambiri idzathera m'munda umodzi.

Maboma ambiri anayesa kale njira imeneyi, ena kutali, ena pano pomwe. Tiyeni tione zimene zinawachitikira, kuti ife tisagwe m'mbuna imene anzathu anagwamo kale. Tiyamba ndi akutali, kenaka tibwerera kwathu.

Nyenyezi ya Golide ku Russia

Dziko limene linakonda mendulo za anchito koposa linali Soviet Union, limene ambiri tinkangolitcha Russia. Dzikolo linatsata sosholizimu kufikira 1991. Kumeneko munthu sanali ndi munda waukulu wakewake iai. Kuyambira 1929 Boma linasonkhanitsa minda ya anthu, ziweto zao ndi zipangizo zao, nilipanga minda ikuluikulu yolima anthu onse a m'mudzi pamodzi. Zokolola zambiri zinkapita ku Boma pa mtengo woikidwa ndi Boma lomwelo. Banja linangotsala ndi kadimba kuseri kwa nyumba ndi tiziweto towerengeka. Tsono taganizani: munthu akadziwa kuti alime kwambiri kapena alime pang'ono nkhokwe yake sisintha, chimene chingamdzutse tambala woyamba n'chiyani? Akuluakulu a dzikolo analiona bvuto limeneli, ndipo imodzi mwa njira zimene anayesa inali kupereka ulemu.

Mu 1935 anakhazikitsa mendulo imene m'chinenero chathu tingaitche Baji la Ulemu, ndipo pofika kutha kwa dzikolo inali itaperekedwa koposa 1,500,000. Mu 1938 anakhazikitsa ulemu wina woposa uwo, dzina lake Ngwazi ya Nchito ya Sosholizimu. Wolandira dzinali ankabvala nyenyezi ya golide yokhala ndi chithunzi cha nyundo ndi zenga lomwetera tirigu. Mu 1947, nkhondo yaikulu itatha ndipo njala itagwa m'dzikomo, Boma linaika malamulo akuti wokolola tirigu, chimanga kapena thonje lofika muyeso wakutiwakuti pa hekitala adzalandira nyenyeziyo. Woilandira kawiri ankamuumbira chifanizo cha mkuwa, nachiimika kwao kumene anabadwira. Anthu oposa 20,000 analandira dzina limeneli, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu a kumunda: okama ng'ombe, oweta nkhumba, othyola tiyi ndi thonje, oyendetsa mathirakitala.

Tisanene kuti mendulo zonsezo zinali zachabe. Mai wina wa ku Ukraine, dzina lake Pasha Angelina, anaphunzira kuyendetsa thirakitala pa nthawi imene anthu ankati imeneyo ndi nchito ya amuna okha. Mu 1933 anasonkhanitsa gulu la akazi okhaokha oyendetsa mathirakitala, ndipo gululo linagwira nchito yooneka ndi maso. Mbiri yake itamveka, akazi zikwi zambiri anapita kukaphunzira nchito yomweyo, kotero kuti pamene amuna anapita kunkhondo mu 1941 panali akazi odziwa kale kulima ndi makina. Maiyu analandira nyenyezi ya golide mu 1947 ndiponso mu 1958. Ulemu wake unabala zipatso chifukwa chimene iye anachita, mkazi wina wamba akadatha kuchichitanso.

Zimene Zinachitika ku Ryazan

Koma mendulo ikakhala ya chiwerengero chokha, anthu amasiya kusamala munda nayamba kusamala pepala. Mu 1957 mtsogoleri wa dzikolo, Nikita Khrushchev, analengeza kuti afuna kupambana America pa nyama, mkaka ndi batala. Mkulu wa chigawo cha Ryazan, dzina lake Alexei Larionov, analonjeza kuti m'chaka chimodzi chokha, cha 1959, chigawo chake chidzagulitsa ku Boma nyama yochuluka katatu kuposa chaka chapitacho, ndiwo matani 150,000. Inu oweta ng'ombe mudziwa kuti ng'ombe ibala mwana mmodzi pa chaka, ndipo palibe lamulo la Boma limene lingaifulumize.

Tsono kuti lonjezo likwanire anapha ng'ombe zoswana, napha zamkaka ndi ana a ng'ombe omwe. Anatenga ng'ombe za mabanja, natumanso anthu kukagula zina m'zigawo zoyandikana ndi ndalama zimene zinali zogulira makina ndi zomangira sukulu. Pa pepala lonjezo linakwanira, ndipo mu December 1959 Larionov anabvala nyenyezi ya golide. Chaka chotsatira makola anali opanda kanthu. Chigawocho chinangopereka matani ngati 30,000, ndipo anthu olandidwa ng'ombe anagwa mphwayi ndi nchito ya m'minda ya onse, kotero kuti ndi zokolola zomwe zinatsika. Mu September 1960, zinthu zitayamba kuululika, Larionov anafa, ndipo olemba mbiri ambiri amati anadzipha yekha. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mudzi Wachitsanzo ku China

Ku China, dziko linanso la sosholizimu, ulemu wotere unagwera mudzi wathunthu. Mudzi wa Dazhai, m'chigawo cha Shanxi, uli pamapiri a miyala. Anthu ake, motsogozedwa ndi mlimi Chen Yonggui, anamanga makoma a miyala m'mbali mwa mapiriwo napanga minda yosanjikizana ngati masitepe. Madzi osefukira ataigumula mu 1963, anaimanganso ndi manja ao. Nchito imeneyo inali yeniyeni ndipo inayenera kutamandidwa. Mu 1964 Mao Zedong analamula kuti alimi onse a m'dzikomo atsanzire Dazhai, ndipo mu 1975 Chen anakwezedwa kukhala mmodzi wa achiwiri kwa nduna yaikulu.

Koma mudzi ukatchuka chotero suloledwanso kukolola pang'ono, ngakhale mvula itabvuta. Boma linautumizira thandizo limene midzi ina sinalandire. Madera ena anakakamizidwa kutsanzira nchito yosayenera nthaka yao. Mu 1980 nyuzipepala ya chipani cholamula inaulula kuti akuluakulu a dera la Xiyang, m'mene muli Dazhai, anakhala akuonjezera ziwerengero za zokolola kwa zaka zingapo. Munda wothiridwa zinthu zimene anzako sangazipeze ungakongole chotani, koma palibe angaphunzirepo kanthu.

Master Farmer m'Nthawi ya Atsamunda

Tsopano tibwere kwathu. Dziko lino silinatsate sosholizimu. Boma la atsamunda silinaufune, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaukana poyera. Komabe maboma onse awiriwa anayesa njira yomweyi yolemekeza mlimi mmodzi kuti anzake amtsanzire. Dera lathu lino linali pakati pa nchitoyo chifukwa cha nthaka yake ya katondo, yobereka chimanga ndi mtedza, ndiponso chifukwa cha fodya wa chikopa amene anthu a kuno anayamba kulima m'zaka za m'ma 1920.

Nzeru yake inayambira ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe. Kumeneko Emory Alvord, mmishonale wa ku America amene analowa nchito ya Boma mu 1926, anayamba kupatsa alimi akuda otsata malangizo satifiketi ndi baji la Master Farmer, ndiye kuti katswiri wa ulimi. Kuno ku Nyasaland nchitoyo inayamba mu 1950, chaka chimodzi itapita njala yaikulu ya 1949, pa nthawi ya Bwanamkubwa Sir Geoffrey Colby. Malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene mumawadutsa pochokera ku Namitete kupita ku Lilongwe, anali atangotsegulidwa mu 1948.

Kuti munthu atchedwe Master Farmer anayenera kukhala ndi munda waukulu ndithu, wa malo amodzi. Anayenera kuzula zitsa, kulima mizere yopingasa, kuika migula, kuthira manyowa, kusinthanitsa mbeu chaka ndi chaka, kugoneka gawo lina la munda, ndi kubzala mbeu iliyonse payokha. Alangizi akayendera mundawo nakhutira, ankamuika m'gulu loyamba kapena lachiwiri, ndipo Boma linkamlipira bonasi pa ekala iliyonse, ya gulu loyamba yoposa ya gulu lachiwiri. Ambiri mwa malangizowa anali abwino, ndipo mizere yopingasa tilikulima mpaka lero. Koma patapita zaka khumi, m'dziko lonse la anthu mamiliyoni atatu, alimi olandira dzinali sanafike ngakhale 1,000. Kodi chinabvuta n'chiyani?

Choyamba chinali malo. Kuno kwathu munda ndi wa mbumba. Mwamuna wokhala pachikamwini amalima malo a kwa mkazi wake, ndipo sangathe kulumikiza minda ya alamu ake kuti apange munda umodzi waukulu popanda mlandu. Amene anayesa kutero anakangana ndi eni mbumba, ndipo milandu yake inafika kwa inu mafumu.

Chachiwiri chinali chuma. Kuzula zitsa kufuna aganyu, manyowa afuna khola la ng'ombe ndi ngolo, kugoneka munda kufuna munthu wa malo ambiri. Kotero amene anakwanitsa anali anthu opeza kale, monga obwera ndi ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Halale, eni masitolo ndi opuma pa nchito ya Boma. Mai wamasiye wa ekala imodzi ndi theka akayang'ana munda wotere ankadziwa kuti zimenezo si zake.

Chachitatu, lamulo lobzala mbeu payokha linaiwala mphika wa ndiwo. Amai ankabzala maungu, nyemba ndi khobwe m'chimanga kuti banja lipeze chodyera nsima. Lero akatswiri omwe alikulimbikitsa kuphatikiza mbeu za mtundu wa nyemba m'minda chifukwa zimabwezera chonde m'nthaka. Amai aja anali ndi nzeru imene buku la malamulo linalibe.

Chachinai ndicho chinapha nchito yonse. Dzanja limene linkapereka bonasi ndilo linkagwiranso anthu pa milandu ya malimidwe. Malamulo osamala nthaka, amene anayamba mu 1946 nakhwimitsidwa pambuyo pake, anapatsa Boma mphamvu yolipiritsa ndi kumanga munthu wosaika migula kapena wosalima mizere pa nthawi yake. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, mkwiyo wa malimidwe unasanganikirana ndi mkwiyo wa ndale. Master Farmer anayamba kuoneka ngati mnzake wa Mzungu. Ena anasalidwa, ena ananenedwa kuti ngokhwima, akuti amakoka chimanga cha anzao usiku. Chisankho cha August 1961 chitapita, Dr. Banda anakhala nduna yoyang'anira za ulimi ndi nthaka, kukakamiza kunatha, ndipo pofika 1962 nchito ya Master Farmer inatha nayonso.

Achikumbe ndi Chitukuko cha Lilongwe

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nzeru ija inabweranso ndi dzina lathu. Mu 1969 Boma linayamba kulemekeza alimi olima mwamakono ndi dzina lakuti achikumbe, niliwapatsa masatifiketi. Dr. Banda mwini ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, ndipo Unduna wa za Ulimi unkasindikiza magazini ya Za Achikumbi, imene achikulire ambiri a kuno akuikumbukira. Nthawi imeneyi dzinali linalibe manyazi aja a kale. Munthu ankanyadira kutchedwa mchikumbe, ndipo mau amenewa akhala m'chinenero chathu mpaka lero.

Pa nthawi yomweyo dera lino linalandira nchito yaikulu ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968 ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Inalambula miseu, inakumba mijigo ndi ngalande zopatutsa madzi, inamanga misika ndi nyumba za alangizi, inapereka mbeu ndi feteleza pa ngongole. Inayeza minda ya mabanja niilemba m'kaundula, nchito imene mumaidziwa ndi dzina lakuti ndunda. Ku Dzalanyama kunatsegulidwa malo oswetsera ng'ombe, ndipo alimi ankatenga nthena kukazinenepetsa m'khola ndi masangwe a mtedza ndi madeya, napeza ndalama ndi manyowa pamodzi. Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti mjigo, mseu ndi msika zinathandiza mudzi wonse, pamene satifiketi inalowa m'nyumba zowerengeka, kawirikawiri za anthu a minda ikuluikulu, amenenso ndiwo ankayamba kuonedwa ndi alangizi ndi kulandira ngongole.

Panalinso mabvuto awiri ofanana ndi aja tamva a kutali. Loyamba, chaka ndi chaka mbeu zikakula Pulezidenti ankayendera minda m'zigawo zonse, ndipo minda imene ankaonetsedwa inali yosankhidwa kale ndi akuluakulu. Munda wachikasu wa munthu wosowa feteleza sunali pa ulendowo. Lachiwiri linali mtengo. ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndiyo inkagula fodya ndi mtedza wa alimi a m'midzi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inkalipira mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene inkagulitsira kunja. Phindu lambiri linapita kukakuza maesiteti, ndipo fodya wa bale analetsedwa kwa mlimi wa m'mudzi kufikira 1990. Mchikumbe anali ndi satifiketi pakhoma, koma satifiketi sigula mchere kapena kulipira sukulu. Mtedza wa Chalimbana wopita kumsika unachepa m'zaka zimenezo, pakuti mlimi amawerenga ndalama zake.

Taonaninso nkhani ya chimanga. Achikumbe ankalimbikitsidwa kubzala chimanga cha haibulidi monga SR52, chimene chinkabereka kwambiri chikalandira feteleza. Komabe kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa maekala 10 alionse a chimanga m'dziko muno ngakhale ekala imodzi yathunthu sinali ya haibulidi. Ena ankati alimi athu ngosamva. Zoona zake zinali mu mtondo ndi m'nkhokwe. Chimanga chija chinali chofewa, chinkasweka pokonola nichitaya ufa wambiri m'gaga, ndipo anankafumbwe ankachifumbwa msanga. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, mbeu zolimba zokonoka bwino ngati chimanga cha makolo, ndipo anthu ambiri anazilandira popanda baji kapena bonasi. Chinthu chikakhala choyenera mlimi wamba, chimayenda chokha kuchokera munda uwu kunka munda uwo.

Zimene Anapeza Ofufuza

Masiku ano mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo sangathe kufika pamunda uliwonse. Ndicho chifukwa chake Boma ndi mabungwe amadalira alimi achitsanzo. Kuyambira 2009 akatswiri awiri, Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak, pamodzi ndi Unduna wa za Ulimi, anayesa m'maboma 8 a dziko lino kuti aone amene amaphunzitsa bwino anzake. Nzeru zophunzitsa zinali ziwiri, kubzala m'maenje osunga madzi ndi kupanga manyowa a kompositi. M'midzi ina uthengawo anausiya kwa mlangizi, m'midzi ina kwa mlimi wachitsanzo mmodzi, m'midzi inanso kwa alimi wamba angapo ofanana ndi anzao pa malo ndi pa chuma. Ena mwa ophunzitsawa analonjezedwa mphatso yaing'ono, monga mbeu kapena thumba la feteleza, koma mphatsoyo inadalira kuti anthu ena a m'mudzimo aphunzire ndi kuyamba kuchita.

Chimene anapeza ndi ichi. Popanda mphatso, alimi wamba aja sanadzibvute kuphunzitsa. Koma atalonjezedwa mphatso yoyezedwa ndi minda ya anzao, iwo ndiwo anafalitsa nzeruzo koposa. Munthu amakhulupirira msanga mnzake wolima ndi khasu longa lake, wosowa zimene iyenso amasowa. Akaona kuti uje, amene ndi ine tifanana, wakolola, amati nanenso ndiyese.

Malangizo kwa Mafumu ndi Alimi

Tsono inu mafumu, nthawi yosankha mlimi wachitsanzo kapena wolandira mphoto ya chionetsero ikafika, kumbukirani izi.

Choyamba, sankhirani pabwalo, anthu onse alipo, amuna ndi akazi. Dzina lotchulidwa m'nyumba ya mfumu usiku lidzakanidwa m'mitima ya anthu ngakhale mwini wake atakhala mlimi wabwino. Ngati woyenera ali mbale wanu, lolani kuti anthu ena amtchule okha, inu mukhale chete.

Chachiwiri, musayang'ane kukula kwa munda. Funani munthu wa malo ndi zipangizo zonga za anthu ambiri a m'mudzi mwanu, amene pa malo omwewo amakolola koposa anzake. Wa ngolo ziwiri ndi aganyu khumi mumlemekeze monga munthu wakhama, koma sindiye adzaphunzitse mai wa ekala imodzi.

Chachitatu, musaiwale amai. Nchito yambiri ya kumunda, kuyambira kupalira kufikira kukonola, ili m'manja mwao, ndipo mai amafunsa momasuka kwa mai mnzake. Mudzi waukulu ukhale ndi alimi achitsanzo angapo, mmodzi kumbali ino, wina kumbali iyo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachinai, yezani moona. Munda wa mayadi 70 m'litali ndi mayadi 70 m'lifupi ndiwo pafupifupi ekala imodzi. Chimanga chiwerengedwe chitauma ndi kutongoledwa, m'matumba a makilogalamu 50, mboni zilipo. Ndipo muyeso woposa onse ndi mwezi wa February. Pitani mukaone ngati pakhomo pake pakali chakudya, ngati ana ake alikudya nsima, ngati sanagulitse chimanga chonse mu June kuti aoneke wandalama. Mlangizi akafunsa za zokolola za mudzi wanu, muuzeni zoona, zikome zisakome. Mfumu yoonjezera matumba pa pepala kuti mudzi wake utamandidwe ilikutsekera anthu ake omwe thandizo pa chaka cha njala. Amene anaona njala ya 2002 adziwa kuwawa kwake.

Chachisanu, munda wachitsanzo ulimidwe ndi zinthu zimene anthu angazipeze. Ngati bungwe lapereka matumba a feteleza oti munthu wamba sangagule, pemphani kuti mbali ina ya mundawo ilimidwe ndi manyowa ndi feteleza wochepa, kuti anthu aone chimene iwo angathe. Zina sizifuna ndalama konse: kubzala ndi mvula yoyamba, kutalikitsa mizere masentimita 75, kubzala njere imodzi pa phando pa masentimita 25 alionse, kupalira msanga, kusinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena soya, ndi kuleka kutentha mapesi.

Chachisanu ndi chimodzi, ulemu udze pambuyo pa nchito, ndipo muuyeze ndi minda ya anansi. Chaka chikatha funsani pabwalo kuti, ndani waphunzira kanthu kwa mlimi wathuyu? Aimirire tiwaone. Akaimirira khumi kapena makumi awiri, muyamikeni pamaso pa onse, ndipo ngati pali njinga kapena satifiketi, imeneyo ndiyo nthawi yake. Akapanda kuimirira munthu, sankhani wina mwamtendere. Dzina la mlimi wachitsanzo si ufumu woti munthu afe nao.

Ndipo inu amene mwasankhidwa kale, chipata cha munda wanu chikhale chotsegula. Muonetse anzanu pamene mbeu zakana monga muonetsera pamene zachita bwino. Musabise mbeu yabwino kapena kunyoza amene akali m'mbuyo. Inunso anansi, mukaona mnzanu wakolola, musafulumire kunena kuti ngwokhwima. Pitani mukamfunse tsiku limene anabzala, mbeu imene anabzala ndi chimene anathira, pakuti kufunsa ndiko kudziwa njira.

Mafumu a ku Kabudula, Nsaru, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, nkhaniyi muikambe ndi anthu anu mvula isanagwe, ndipo alangizi akabwera akupezeni muli ndi maina amene mudzi wonse wagwirizana.